Ndinagona pa ulonda, mwana n'kutuluka yekha usiku: tipitirize kuwoloka Atlantic?

Membala wobisa dzina

Moni nonse. A admin, chonde dzina langa lisaoneke, muli zina muno zomwe bambo a ana sindinawauze. Paja safunsa anadya phula, ndiye ndabwera kwa inu amene munawolokapo nyanja ndi ana.

Ndikulemba tili pa nangula ku Mindelo, pachilumba cha São Vicente ku Cape Verde. Tilipo anthu 4 m'boti la matanga la mamita 12: ine, bambo a ana, mtsikana wathu wachisamba wa zaka 11 ndi mzime wa zaka 5, mnyamata. Tinachoka ku Las Palmas, kuzilumba za Canary, n'kuyenda masiku 7 usana ndi usiku, mailosi apanyanja pafupifupi 850. Chatsalacho ndiye chimake: mailosi oposa 2,000 kukafika ku Grenada ku Caribbean, masabata awiri kapena kuposerapo tikungoona madzi ndi thambo.

Ulonda timalandizana awiri, maola 3 aliyense. Papepala zimaoneka bwino. Koma usiku nyengo ino ndi wautali kuposa usana, ndipo masana omwe ndimayenera kubweza tulo ndi omwe ana ali maso. Masiku awiri oyamba mzime ankangosanza, ine ndili ndi beseni m'manja. Atachira, panabwera sukulu ya mkulu wake, kuphika nditadzimangirira ku chitofu, kuleretsa ndewu ya pensulo. Mphepo ikamachokera kumbuyo boti limangopendamira uku ndi uku osapuma, moti ngakhale utagona thupi limakhala likugwira ntchito yodzigwirira pabedi.

Usiku wachisanu, cha m'ma 3 koloko, ndinali pa ulonda. Autopilot, makina owongolera boti okha, ikuwongolera, nyenyezi mbee, mphepo yabwinobwino. Alamu yanga imalira mphindi 15 zilizonse kuti ndidzuke, ndiyang'ane mbali zonse. Sindikumbuka kuti ndinaithimitsa liti. Chomwe ndikukumbuka n'chakuti nditatsegula maso, mzime anali atagwada kunja kwa malo omwe timakhala pachiwongolero, m'mbali mwenimweni mwa boti, atavala kabudula wamkati yekha. Wopanda jekete yoyandamitsa, wopanda chingwe. Manja onse awiri atafumbata nsomba youluka yomwe inagwera pamwamba pa chipinda chake, ikuphiriphitha. Anaimva ikugunda pamwamba pa bedi lake, n'kutuluka kukaiona. Sindinakuwe, ndinaopa kuti adzidzimuka. Ndinakwawa, n'kumugwira kakolo, n'kumukoka. Iye akuseka: "Amayi, taonani mapiko ake!" Nditayang'ana wotchi ndinapeza kuti ndagona mphindi 40.

Fungo la nsomba ija linakhala m'manja mwanga mpaka m'mawa, ndipo mpaka lero ndikalimva ndimanjenjemera. Bambo ake ndinangowauza kuti mwana anatuluka, ine ndinamubweza. Zoti ndinali m'tulo tofa nato sindinanene.

Tsono iwo akufuna tinyamuke Loweruka. Ulendowu aukonzekera zaka 6, ndipo za munthu wachilendo m'boti sakufuna n'kumva komwe. Ine ndikuona njira zitatu. Ndikwere ndege ndi ana, iwo apeze amuna anzawo owolotsa nawo boti. Kapena titenge mmodzi mwa achinyamata omwe akuzungulira padoko pano kufunafuna boti lopita ku Caribbean. Kapena tipite tokha monga tinapanganira, ine ndilimbe mtima. Amene munadutsamo, munkatani?

Mlonda wa m'bandakucha

Mayi, poyamba thokozani kuti munadzuka. Kenako tiyeni tiwerengere, chifukwa apa masamu ndi amene alankhule. Boti loyenda mailosi apanyanja 6 pa ola limadutsa mamita 3 pa sekondi. Mphindi imodzi, mwana ali mamita 180 kumbuyo, mumdima, mutu wake waung'ono ngati mpira pakati pa mafunde. Pa mphindi 40 zanuzo mukanakhala mutapita mailosi 4 osadziwa kuti anagwera pati. Sindikukuopsezani, ndikufuna muone kuti chingwe ndi chitseko n'zofunika kuposa jekete. Munthu asagwe, basi.

Vuto lanu si mtima wofooka ayi, ndi ndondomeko. Ulonda wa maola 3 ndi wa anthu opanda ana. Mukachotsapo kuvula, kulowa pabedi, kudikira tulo, kudzukanso, mumagona maola awiri okha, ndipo masana simubweza. Ife ndi mayi a kunyumba tinkagawana usiku pawiri: ine kuyambira dzuwa litalowa mpaka 1 koloko, iwo kuyambira 1 koloko mpaka kucha, ndiye aliyense ankapeza maola 5 kapena 6 osadukiza. M'mawa iwo ankagonanso mpaka 11, chitseko chotseka, ana ali m'manja mwanga. Dzuwa likamalowa tinkachepetsa matanga ngakhale kunja kuli bwino, chifukwa chimphepo cha mvula cha m'njira imeneyo chimakonda kubwera usiku. Mufika mochedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri, palibe amene akukupikisani.

Wosabisa mawu

Ine ndinena mosapsatira. Akuluakulu munasankha nokha, nanga anawo anasankha? Mu 2014 boti lotchedwa Rebel Heart linali mailosi pafupifupi 900 kuchokera kugombe la Mexico pomwe mwana wa chaka chimodzi anadwala, botilo litawonongekanso. Anachita kukawatenga ndi sitima yankhondo ya America, USS Vandegrift, boti lawo n'kulimiza. Pakati pa Atlantic helikoputa sifika. Kwerani ndege ndi ana, bamboyo akakwaniritse maloto ake yekha.

Mayi wa anyamata atatu

@Wosabisa mawu, achimwene, mayiwa afunsa nzeru, sanabwere kubwalo la milandu. Ulendo wa ARC, womwe maboti ambiri amawolokera pamodzi kuchoka ku Las Palmas kupita ku Caribbean, unayamba mu 1986, ndipo chaka ndi chaka mumakhala mabanja a ana. Ifenso tinawoloka wamng'ono ali ndi zaka 4.

Achemwali, zomwe tinachita ife n'zotsika mtengo. Usiku khomo lotsikira m'kati tinkalitseka ndi matabwa ake onse, ndipo pa thabwa lapamwamba tinamangirira kabelu. Mwana sangalisunthe osaliza. Lamulo linali limodzi lokha losakambirana: phazi silidutsa pakhomopo usanavale jekete ndi kukoleka chingwe, ndipo chokolekeracho chizikhala poti ukoleke udakali m'kati. Bambo awo omwe ataiwala tsiku lina, ana ndi amene anawadzudzula, ndipo kuyambira pamenepo lamulolo linasanduka lawo. M'mbali monse mwa boti tinaikamo ukonde. Za nsomba zoulukazo, muuzeni mzime wanu kuti ntchito yozitola ndi yake, koma ya m'mawa, pamodzi ndi bambo ake, ndipo aziziwerenga n'kulemba m'buku la ulendo. Mwana ukamuletsa chabe amazemba, ukamupatsa udindo amadikira.

Sukuluyo isiyeni kaye. Masabata awiri sapha mwana. Wa zaka 11 angathe kukhala pa ulonda ola limodzi masana bambo ake ali pafupi, azilemba pomwe mwafika pamapu, inu mukugona.

Namwino wa pa sitima

Funso limodzi, mayi. Mukumwa mankhwala a nseru? Ngati ndi choncho, ati, ndipo nthawi yanji?

Membala wobisa dzina

@Namwino wa pa sitima, ee, Stugeron. Ndinkamwa ndikamayamba ulonda wa usiku, chifukwa mumdima ndi momwe chizungulire chimandivuta kwambiri.

Namwino wa pa sitima

Ndiye mwina mbali ina ya yankho ndi imeneyo. Mankhwala amenewo amagonetsa, ndipo kwa munthu amene ali kale ndi ngongole ya tulo ya masiku 5 amangomalizitsa. Anthu ambiri thupi limazolowera nyanja pakatha masiku 3, moti pofika tsiku lachisanu mwina simunkawafunanso. Musanachoke ku Mindelo kaonaneni ndi dokotala, mumuuze momwe mumamwera, mufunsenso za mlingo wa mwana wa zaka 5. Mwana wosanza choopsa kwa iye ndi kutha madzi m'thupi, ndiye tengani mapaketi a ORS okwanira. Sungani nambala ya CIRM ya ku Rome m'foni yanu ya satelayiti. Bungweli lakhala likupereka uphungu wa madokotala kwa anthu apanyanja kuyambira 1935, usana ndi usiku, kwaulere. Ndipo alamuyo musamaigwire m'manja. Ipachikeni poti muchite kuimirira kuti muithimitse.

Wa mlongoti umodzi

Za kutenga munthu padoko, ndili ndi mbali ziwiri. Munthu wachitatu amasintha zonse: ulonda maola 3, kupuma maola 6. Ife tinatenga mtsikana wina yemwe mpaka lero ana amamutchula kuti anti. Koma mnzanga anatenga mnyamata amene ankati anayendapo panyanja, tsiku lachiwiri anagona pansi ndi nseru, anadzadzuka ataona gombe. M'malo mwa mlonda anapeza mwana wachitatu wolera.

Mukatero, muyeseni kaye. Tulukani naye mumpata wa pakati pa São Vicente ndi Santo Antão, pamene mphepo imapanikizika n'kuwomba mwamphamvu, muone nkhope yake pakatha maola 4. Onani pasipoti, imbirani eni boti lomwe wabwera nalo. Dziwani kuti mukafika tsidya linalo, olowetsa anthu m'dziko amamuwerengera kwa mwini boti, ndipo ena amafuna kuona tikiti yake yotulukira. Chilichonse chomwe chili m'chikwama chake chili m'boti lanu. Madzinso muwerengerenso: anthu 5, malita 3 akumwa aliyense patsiku, kwa masiku 25 poopa kuti mphepo ingaleke, ndi malita 375, osadalira makina osefa madzi amchere chifukwa amafa tsiku lomwe ukuwafuna. Ndipo muli ndi mtsikana wa zaka 11 m'malo opanda kothawira. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndaimbira achibale.

Chinanso: mukachoka ku Mindelo masiku awiri, kubwerera kulibe. Mphepo ndi mafunde zonse zimakukankhirani kumadzulo. Chosankha sankhirani pomwe mulipo.

Gogo wa pa nangula

Mwananga, onsewa akupatsa nzeru za belu ndi zingwe, n'zabwino. Ine ndaima pa mawu ako akuti "sindinanene". Amuna ako akukana munthu wachitatu chifukwa akudziwa kuti ulonda wa anthu awiri ukuyenda bwino. Wawauza ndani kuti sukuyenda? Iwo akamatsikira kukagona amapereka moyo wawo ndi wa ana m'manja mwako, nawenso chimodzimodzi. Ine ndi malemu amuna anga tinayenda zaka 9 awiriwiri, ndipo pangano lathu linali lakuti tulo tikakugwira, kadzutse mnzako, ndipo wodzutsidwayo asang'ung'udze ngakhale pang'ono, chifukwa akang'ung'udza kamodzi mawa udzaopa kumudzutsa. Ukawauze lero, ana atagona. Usayambe ndi za ndege kapena za mlendo. Yamba ndi mphindi 40 zija.

Wosabisa mawu

Gogo, apo ndagwirizana nanu. Koma za ndege sindinasinthe maganizo.

Membala wobisa dzina

Ndabweranso, papita masiku atatu. Zikomo nonse, ngakhale a Wosabisa mawu, chifukwa mitengo ya ndege yodzera ku Lisbon ndinaifufuzadi, ndipo ndinakhala nayo pafoni usiku wonse.

Gogo, ndinawauza. Tinakhala panja ana atagona, magetsi a m'tauni akuwala pamadzi. Nditamaliza anakhala chete nthawi yaitali, ine nkumati basi, ukwati wathera pa nsomba. Kenako anati usiku wachitatu nawonso anagona, ndipo anadzutsidwa ndi alamu ya AIS, chipangizo choonetsa sitima zomwe zili pafupi, sitima yonyamula katundu ikudutsa mailosi awiri kutsogolo kwathu. Sanandiuze poopa kuti ndichita mantha n'kukana ulendo. Ndinakwiya, kenako ndinaseka, kenako ndinalira, sindikudziwa kuti chinayamba n'chiti.

Loweruka sitinyamuka. Alamu anga, mng'ono wawo wa bambo a ana, avomera kubwera. Sanawolokepo nyanja yaikulu, koma anayendapo nafe maulendo afupiafupi, sasanza, ndipo ana amawadziwa. Afika pa 9 December, ndiye tidzayesa kaye mumpata uja a Wa mlongoti umodzi ananena. Zikakanika kumeneko, ine ndi ana tikwera ndege, ndipo izi tagwirizana osakangana. Kabelu tagula, ukonde tikumanga mawa. Mtsikana wathu wajambula kale tebulo la ulonda n'kudziikapo yekha 2 koloko masana.

Chomwe chatsala: jekete ya mzime ndi yamtundu wa thovu, ilibe mphete yokolekera chingwe, ndipo pano sindinapeze ina ya msinkhu wake. Alamu angathe kubweretsa pobwera. Kwa mwana wa makilogalamu 18, atigulire jekete yokhala ndi mphete yake kale, kapena malamba apadera ovala mkati mwa jekete yomwe ali nayoyi? A Mayi wa anyamata atatu, inu wa zaka 4 uja ankavala chiyani?