"Mtima wa mnzako ndi tsidya lina": nanga wa makina?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni. Dzulo ndimauza amalume kuti ChatGPT, pulogalamu ya pa kompyuta yoyankha mafunso, imaganiza ngati munthu. Iwo n'kuseka: "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, nanji wa chitsulo?" Ine ndimayesa mwambiwu umangotichenjeza kuti tisamakhulupirire munthu msanga. Akuti ndaphonya. Tanthauzo lake n'lotani?

Kadzidzi: Agogo anga aakazi ankaunena akamva kuti munthu wofatsa wachita zoopsa. Ankangopukusa mutu, "tsidya lina mwanawe, utsi umauona koma chikupsa suchidziwa." Amalume anu akhoza. Ngakhale katswiri wa masamu Alan Turing mu 1950 anaona kuti funso loti makina amaganiza n'lovuta kuliyankha, n'kunena kuti tizingolemberana nawo tisakuwaona, tione ngati tingawasiyanitse ndi munthu. Kuweruza ndi utsi basi.

Nyenyezi: Ayi achimwene, tsidya limaolokeka. Anga agogo ankaunena kwa okwatirana kumene, kuti usafulumire, palasa bwato pang'onopang'ono ukafika. Ndi mwambi wa kuleza mtima. Makinawa tikakhala nawo nthawi yaitali tidzawadziwa.

Kadzidzi: Mukafika mukapezako ndani? Katswiri wa filosofi John Searle mu 1980 anapereka chitsanzo cha munthu wotsekeredwa m'chipinda, akuyankha mafunso a Chitchaina potsata buku la malamulo. Akunja akuti ndi katswiri, mwiniwake sakumva ngakhale liwu limodzi.

Nyenyezi: Ndiye mwavomereza kuti chipindacho chili ndi khomo. Tsegulani muone. Ndikubwereza, limaolokeka.

Gogo wa anayi: Nonse mwasiya mawu oti mtima. Makolo sanati ubongo wa mnzako. Mpaka lero timati kuloweza pamtima, kusintha mtima, cha mumtima. Kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa katswiri Garry Kasparov pa masewera a chess mu 1997, koma kodi inakondwera? Usiku wake inalephera kugona ndi chimwemwe?

Wofunsa: Koma agogo, ubongo wathu nawonso ndi timaselo pafupifupi 86 biliyoni totumizirana timphamvu ta magetsi. Silikoni wopangira makompyuta amachokera ku mchenga, ife ku dothi. Kusiyana kuli pati?

Gogo wa anayi: Kusiyana n'kwakuti iwe ukufunsa chifukwa amalume ako anakuchititsa manyazi. Makina manyazi sawadziwa.

Nyenyezi: Mwadziwa bwanji kuti sawadziwa? Simunaolokeko. Mwaona, mwambi womwewu wakugwirani.

Kadzidzi: Achemwali, apa mwagwiritsa ntchito tanthauzo langa, osati lanu.

Nyenyezi: Ndi langa lomwe. Ndati simunaolokeko, sindinati simungaoloke.

Gogo wa anayi: Vuto ana a masiku ano mwambi mumaufunsa pa foni. Mdzukulu wanga ndinamuuza mwambi womwewu, iye amvekere "boo agogo, tsidya lake liti, la msewu?" Chiganizo chimodzi Chichewa theka, theka Chizungu, ndipo wamkulu akumuti "iwe".

Kadzidzi: Ena akulemba "tsija". Ndinachita kuvula magalasi.

Wofunsa: Ndiye amalume ndikawayankhe chiyani? Komanso ena akuti ndi "tsidya lija", osati "lina". Cholondola n'chiti?

Nyenyezi: Lija kapena lina, bwato ndi lomwelo.