Kodi zopereka za chaka chino zipite ku nyumba zakale za boma ku Zomba kapena ku mjigo?

Wapampando: Moni nonse, a kuno kumudzi ndi a kunja. Pempho la achinyamata lija ndalibweretsa pano monga tinapanganirana. Akufuna kuti zopereka za chaka chino tiyambitsire ulendo wapansi woonetsa alendo nyumba zakale za boma: tiike zikwangwani zofotokoza mbiri, tisindikize mapu, tiphunzitsenso anyamata ndi atsikana operekeza alendo. Mfundo inayo ndi ya mjigo ija. Thumba lathu silingasenze zonse ziwiri. Lankhulani momasuka, koma mwaulemu.

Nasibeko wa ku Chikanda: Zikomo a Wapampando. Pempholi ndinalemba ndine. Mlendo akafika ku Zomba amangodutsa m'tauni n'kukhotera kuphiri. Akaona Emperor's View, akasuzumira pa Chingwe, agula masitiroberi m'mbali mwa msewu, mawa lake uyo ku Liwonde. M'tauni muno sasiyamo kanthu. Chonsecho likulu la dziko linali pano kuchokera mu 1891 mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka 1994. Ulendowu uziyambira pa Masongola, nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka ija, imene John Buchanan anamanga mu 1886 ndipo Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anadzakhalamo. Kuchoka apo kutsikira m'munda wa Botanical m'mbali mwa Mulunguzi, kenako ku maofesi akale ndi ku Nyumba ya Malamulo yakale, kudutsa pa Gymkhana, kukathera pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda). Zonsezi munthu atha kuyenda wapansi tsiku limodzi, nkhomaliro n'kudyera mumsika.

Mayi Nachisale a ku Chinamwali: Mwana wanga, walankhula bwino, koma ine mtima wanga uli pa madzi. Kumudzi kumene tinalonjeza mjigo kuja amayi amalawirira kukatunga padambo kukadali mdima, ndipo ikafika Okutobala amachita kudikira kuti madzi adzadze m'kachitsime, kumatunga ndi kapu. Nyumba zimenezo ndi za boma. Boma lili ndi unduna wa zokopa alendo, ife tili ndi kathumba ka zopereka. Tingamakongoletse bwanji khomo la boma pamene ana athu akumwa matope?

Che Amidu ku Johannesburg: Ine ndili kumbali ya amayi, komanso ndili ndi changa. Ndalama timazipeza movutika kuno. Ndiye zikalembere dzina la Johnston ndi la Sharpe amene analowa m'malo mwake? M'maofesi amenewo ndi mmene ankalamula za msonkho wa nyumba. Makolo athu ankanyamula azungu pa machila, ankagwira thangata m'minda ya ku Magomero. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Armitage analamula kuti anthu a chipani cha Nyasaland African Congress amangidwe, ndipo likulu lake linali lomweli. Sindikuona choti tinyadire.

Nasibeko: Achimwene, si zonyadira ayi. Inu muli pafupi ndi Constitution Hill. Ndende yomwe anatsekeramo Gandhi ndi Mandela sanaigumule yonse. Khoti lalikulu loona za malamulo a dziko analimanga pomwepo, mbali ina ndi njerwa za ndende yomweyo, ndipo anthu amalipira kuti akamve zimene zinkachitika m'menemo.

Che Amidu: Zimenezo ndikuzidziwa achemwali, ndinafikako. Koma kumeneko ofotokoza nkhani ndi eni nkhani. Kwathu kuno ndimaopa kuti tidzangokopera za m'mabuku a alendo, zoti mapiri ndi okongola, abwana ankamwera tiyi pakhonde, basi.

Aphunzitsi Mbewe, opuma pa ntchito: Che Amidu, mwakhudza pamene pali nkhani, ndiye ndiloleni nditalikitseko. Mbiri ya nyumba zimenezi si ya azungu okha. Bungwe lopanga malamulo linakhazikitsidwa mu 1907 lopanda munthu wakuda ngakhale mmodzi. Ena anayamba kulowamo mu 1949 mochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Ndiye mu 1956 kunalowa Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi anzawo atatu, anyamata amene anayamba kufunsa mafunso okhudza Chitaganya mopanda mantha, mpaka anthu m'midzi ankagula mabuku a zokambirana za m'nyumbamo n'kumawerengerana.

Kenako tabwerani ku Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu. Dr Banda anachotsa Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo pa maudindo awo m'boma. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, Chipembere naye atabwera kuchokera ku Canada anachita chimodzimodzi. Pa 8 ndi pa 9 aphungu anakambirana nkhaniyi ku Zomba kuno. Zina mwa zomwe zinawagawanitsa zinali tiki (mapeni atatu) yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Masiku otsatira anthu anamenyana m'misewu ya tauni yathu ino, ogwira ntchito m'boma ndi anyamata a chipani. Zaka 30 za ulamuliro wa chipani chimodzi mizu yake ili pamenepo.

Ndaphunzitsa nkhani imeneyi pa bolodi moyo wanga wonse. Ana ankaloweza maina n'kukhoza mayeso, koma ambiri sankadziwa kuti Nyumba ya Malamuloyo ndi ija amaidutsa popita kukatola nkhuni kuphiri. Alendo oyamba amene ine ndikuwafuna si ochokera ku London. Ndikufuna ana a Fomu 2 a ku Songani, a ku Jali, a ku Thondwe, adzaime pakhomopo wina awauze kuti Chipembere analankhulira muno.

Ndipo pa chipilala cha KAR paja, woperekeza alendo asamangoloza wotchi. Anene za amuna amene anatengedwa kukamenya nkhondo ya 1914, anenenso za amtengatenga amene anasenza katundu wa nkhondo mpaka kumpoto n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Imfa zoterezi ndi zimene John Chilembwe anadandaula nazo m'kalata yake chaka chomwecho.

Che Amidu: Aphunzitsi, zikakhala choncho ndingamve. Koma mawu a pa zikwangwani mulembe inuyo, ndipo Chichewa chikhale pamwamba, Chingerezi pansi. Chiyao chisasowepo.

Bambo Phiri a ku Matawale: Ine ndinagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ndiye ndikuchenjezeni. Simungangodzuka n'kukakumba dzenje la chikwangwani pa malo a boma. Pali lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, ndipo nthambi yoona za nyumba zosungiramo zakale ndi zipilala iyenera kuvomereza kaye. Khonsolo ya mzinda nayo tiionere. State House muichotseretu pa mapu anuwo, ikadali nyumba ya pulezidenti, mwana wa eni ake asakagwidwe chifukwa cha kamera ya mlendo. Chipilala cha KAR chili pakhomo pa Cobbe Barracks, choncho akuluakulu a asilikali adziwitsidwe. Masongola ndi malo a bizinesi, tikapemphe mwaulemu. Chabwino n'chakuti National Archives ili konkuno. Zolemba zambiri zoyambirira zinapsa ndi moto wa mu 1919 ku Secretariat, koma zolemba za zaka zotsatira zilipo, ndipo ku Chanco kuli akatswiri a mbiri amene angatiunikire zolemba zathu zisanapite kosindikiza.

Msungichuma: Ndiyankhulepo za ndalama. Zikwangwani zachitsulo musaziganizire n'komwe, sizichedwa kuzulidwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo. Za simenti zimalimba koma ndi zodula, ndipo ndi zimene zingameze thumba lonse. Kuphunzitsa achinyamata ndi kusindikiza mapu sikudya zambiri. Funso langa kwa Nasibeko ndi ili: mlendo akalipira, ndalama izilowa kuti? Tikapanda kulemba zimenezi lero, chaka chamawa tidzakhala tikukangana pano.

Nasibeko: Tinaganiza kuti gawo lalikulu lizipita kwa woperekezayo, kotsalako kuzilowa m'thumba la gulu, ndipo pakhale buku la malisiti. Ana a sukulu za boma asamalipire.

Nangozo ku Leeds: Ndakhala ndikungowerenga. Ana anga anabadwira kuno, ndipo tikabwera kumudzi ndimasowa chowaonetsa kupatula nyanja. Ndikanakonda atamva zimene aphunzitsi alembazi ataima pamalopo. Komabe mjigo tinalonjeza pamaso pa amfumu, ndipo lonjezo silibwezedwa. Bwanji mjigo utsogole, achinyamata ayambe popanda zikwangwani? Zosindikiza mapu tikhoza kusonkherana ife a kunja mwapadera, osakhudza thumba.

Nasibeko: Anti, popanda chikwangwani anthu satikhulupirira, amationa ngati mavenda ofuna kuwadyera.

Bambo Phiri: Chimene chingakukhulupiritseni ndi kalata ya khonsolo ndi chiphaso chapachifuwa, mwana wanga. Makalata a chilolezo cha zikwangwani satuluka mwezi umodzi. Ngakhale titavota lero, simenti simuigula chaka chino.

Mayi Nachisale: Ngati mjigo ukutsogola, ine ndilibe mawu ena. Koma okumba abwere mvula isanayambe, chifukwa msewu wa kumeneko ukanyowa galimoto yawo siidutsa. Ndiponso pa achinyamata ophunzitsidwawo atsikana akhale theka, ndipo asachokere ku yunivesite okhaokha. Ku Chinamwali kuno kuli ana a Fomu 4 ambiri amene angokhala.

Che Amidu: Za mapu ndisonkha nawo, koma ndione kaye zolemba za aphunzitsi.

Wapampando: Zikomo nonse. Loweruka tivota pa mfundo ya Nangozo monga yakonzedwa ndi Mayi Nachisale. Bambo Phiri, tilembereni makalata opita ku khonsolo ndi kunthambi ija kuti tiwaone Lachisanu. Aphunzitsi, yambani ndi Nyumba ya Malamulo ndi chipilala cha KAR, tsamba limodzi pa malo alionse. Msungichuma, tifunsireni mitengo kwa okumba mijigo atatu osiyana.