Ndayamba kuphunzira salsa ndili ndi zaka 47, nyimbo ikangoyamba ndimasochera

Bambo a Tadala

Moni nonse. Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Mwezi wathawu ine ndi mayi akunyumba tinayamba kuphunzira salsa, gule wovina awiriawiri, Loweruka lililonse madzulo. Maganizo anali awo. Mu Ogasiti tikukwanitsa zaka 20 tili pabanja, ndiye akufuna tidzavine ana akuona.

Kuvina ndimakudziwa, ndili mnyamata ndinkavina beni kwathu ku Mangochi. Koma pa beni umasamala miyendo yako yokha, uli pamzere ndi anzako, ng'oma ikukuuza chochita. Apa wagwira munthu m'manja, ukuwerenga, uyeneranso kumulozera kolowera pakamwa uli chete. Aphunzitsi akamawerenga 1, 2, 3, kenako 5, 6, 7, ndimatsatira bwinobwino. Akangoika nyimbo, basi ndasochera. Sabata yatha ndinawaponda chala mayi mpaka anakakhala pansi, ndipo zinandipweteka mumtima.

Inu amene munayamba mutakula, 1 mumamumva bwanji m'nyimbo? Miyezi inayi ikwana?

Nangozo wa ku Joni

Ikwana bambo, musataye mtima. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 40 kuno ku Johannesburg. Ndinayambira kizomba, gule wa ku Angola wochokera ku semba, chifukwa ndi wapang'onopang'ono. Salsa inandivuta ngati mmene ikukuvutirani inumu.

Poti munavinapo beni, khutu la ng'oma muli nalo kale. Siyani kumvera woimba ndi malipenga, mverani ng'oma ya conga. Imalira kawiri motsatizana, "gu-gu", pa 4 ndi pa 8, pomwe inu mumapumira paja. Ikangotero, phazi lotsatira ndi 5 kapena 1. Kusiyanitsa awiriwa kumabwera mochedwerapo, koma nthawi zambiri woimba akamayamba mzere watsopano pamakhala pafupi ndi 1. Ine ndinatha milungu itatu ndikungomvera m'takisi popita kuntchito, ndikugogoda chala pabondo, osavina n'komwe.

Achimwene a ku Ndirande

Za kupondanazo, chepetsani phazi. Pa 1 inu mumapita kutsogolo ndi lamanzere, mayi amabwerera ndi lamanja. Mukatalikitsa, mufika iwo asanachokepo. Phazi lisapitirire kutalika kwa nsapato yanu. Musayang'anenso pansi, mutu ukawerama thupi lonse limagwera pa mnzanu.

Ndipo muzivala nsapato zoterera pang'ono kunsi. Zalabala zimagwira simenti, potembenuka bondo ndi limene limalipira.

Mayi Nasibeko

Ndiyankhuleko ngati amene amatsogoleredwa. Chimene chimatopetsa si kupondedwa ayi, koma kukokedwa mkono. Bambo akwathu ankandizunguza ndi mphamvu ngati akupukusa chigayo, phewa linkandiwawa mpaka Lolemba. Ingokwezani dzanja pang'ono pamwamba pa mutu, mayi azungulira okha.

China, mukamayeserera kunyumba musamadzudzulane. Ife tinatsala pang'ono kusiya chifukwa cha "walakwitsa ndiwe". Tinagwirizana kuti zolakwa tizikafunsa aphunzitsi, kunyumba tizingovina mphindi 10 tisanagone.

Bambo a Tadala

Zikomo nonse. Anangozo, usiku wathawu ndinaika nyimbo imodzi kasanu ndili chikhalire pampando, ndipo "gu-gu" uja ndamumva. Tasuntha tebulo pabalaza. Mayi ati chala chapola, tiyesa madzulo ano ana akatha kudya.