Ndani angandionere nyumba yakale ku Domasi ndisanalipire?

Abale ndi alongo, ndigawireniko nzeru. Pali nyumba ina kumudzi cha ku Domasi, kuno ku Zomba, imene ndikufuna kugula, koma ndi yakalekale. Ndi ya njerwa zowotcha zomangira dothi, pulasitala wa simenti anachita kupaka pambuyo pake. Eni ake angoipaka laimu posachedwapa, ndiye ikuwala bwino, komatu laimuyo ndi amene akundikayikitsa.

Pakona ya kuchipinda pali mng'alu wotsika mopendekera kuchokera pawindo mpaka pansi, moti chala chikulowa. Iwo akuti unayamba ndi mvula ya namondwe wa Freddy mu 2023 ndipo sunakulenso. Kodi munthu angadziwe bwanji ngati wang'ambika ndi pulasitala chabe kapena maziko akutitimira? M'munsi mwa makoma muli chinyontho, ndipo mitengo ina ya denga munadutsa chiswe.

Mmisiri wa m'mudzimo wati zonse zili bwino, koma ndi mlamu wawo wa ogulitsawo. Ine ndikufuna injiniya woti akaone maziko, makoma ndi denga, n'kundilembera lipoti. Oterewa amapezeka konkuno kapena mpaka ku Blantyre? Nanga kukhonsolo amathandiza pa nyumba za kumudzi? Amene munaitanapo injiniya, anakulipiritsani zingati?