Kodi chinayamba n'chiyani, nzimbe kapena zida za amalinyero?

Mphunzitsi wa mbiri:

Akuluakulu, ndikupempha thandizo lanu. Ndikukonzekera kuphunzitsa za maulendo a Azungu a m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, koma m'mabuku amene ndili nawo zida zoyendera panyanja, monga kampasi ndi astrolabe (chida choyezera kukwera kwa dzuwa kapena nyenyezi), zili m'mutu wakewake, pamene nzimbe ndi fodya zili m'mutu wina. Mwana wina wa Fomu 3 anandifunsa ngati Apwitikizi anakonza zidazo pofuna mbewu zamalonda, kapena mbewuzo anangokumana nazo zida zili kale m'manja. Ndinamuyankha, koma yankho langalo silinandigwire mtima ine mwini. Kodi zinthu ziwirizi zikulumikizana pati?

Wa ku Chigwa:

Aphunzitsi, mwanayo wafunsa funso labwino, ndipo ine ndikuona kuti poyambira pake ndi chilumba cha Madeira, cha m'nyanja ya Atlantic. Kampasi inalipo kale, chifukwa amalinyero a pa nyanja ya Mediterranean ankaigwiritsa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1200. Apwitikizi atakhazikika ku Madeira cha m'ma 1420, anabzala nzimbe, ndipo mu 1452 panali kale chilolezo chomanga mphero yoyendera madzi yofinyira nzimbezo. Ine ndinakulira pafupi ndi minda ya nzimbe, ndipo ndikudziwa kuti nzimbe ikadulidwa siyembekezera munthu: pakapita tsiku limodzi kapena awiri madzi ake amayamba kusasa. Choncho shuga ankaphikira pachilumba pomwepo, ndipo ntchito yoteroyo inkafuna nkhuni, miphika yamkuwa ndi antchito ambiri, ndiponso zombo zobwera pa nthawi yake chaka ndi chaka.

Apa ndi pamene zida zikulowera. Kufika pachilumba kamodzi mwamwayi n'kotheka, koma palibe wamalonda amene angaike chuma chake m'munda umene sakudziwa ngati chombo chidzaupezanso. Kumpoto amalinyero ankayeza kukwera kwa nyenyezi ya kumpoto yotchedwa Polaris ndi quadrant, chida chokhala ndi ulusi womangirira kanthu kolemera, koma atayandikira ikweta cha m'ma 1470 nyenyeziyo inatsikira m'madzi n'kusowa. Anayamba kudalira dzuwa la masana. Woyendetsa ankalendewetsa astrolabe yamkuwa pa mphete yake, n'kutembenuza kamkono kake mpaka kuwala kwa dzuwa kudutse pa timabowo tiwiri, kenaka n'kuyerekezera nambala yapezekayo ndi matebulo osonyeza pamene dzuwa limakhala tsiku lililonse. Matebulo otchuka anali a Abraham Zacuto, amene anasindikizidwa ku Leiria, ku Portugal, mu 1496. Chilumba cha São Tomé, kumadzulo kwa Africa, chimene chinadzakhala munda waukulu wa nzimbe pambuyo pa Madeira, chili pafupi kwambiri ndi ikweta, kumene Polaris sakanathandiza munthu.

Musaiwalenso kuwauza ana kuti Columbus anapitako ku Madeira mu 1478 kukagula shuga m'malo mwa amalonda a ku Genoa, ndipo pa ulendo wake wachiwiri mu 1493 anatenga mbewu ya nzimbe kupita nayo ku Hispaniola, chilumba cha ku Caribbean.

Mayi wa ku Zomba:

Bambo a ku Chigwa afotokoza bwino, koma ndisiyana nawo pang'ono. Chimene chinakokera Vasco da Gama ku India sichinali mbewu yoti akabzale, koma tsabola ndi zokometsera zakudya zimene alimi a ku Asia ankalima kale. Ananyamuka ku Lisbon mu July 1497 n'kufika ku Calicut, ku India, mu May 1498, ndipo gawo lomaliza la ulendowo anatsogoleredwa ndi katswiri amene anamutenga ku Malindi, doko la kummawa kwa Africa, wodziwa mphepo za nyanja ya India. Ngakhale astrolabe imene tikuitamayi inkavuta chombo chikamagwedezeka, moti pa St Helena Bay, kumwera kwa Africa, da Gama anachita kutsikira kumtunda kuti ayeze dzuwa bwinobwino. Kulakwitsa ndi digiri imodzi yokha kunkatanthauza kusokera makilomita pafupifupi 111.

Chinanso chimene sindifuna kuti chisowe m'phunzirolo ndi anthu. Minda ya ku São Tomé, ndiponso ya ku Pernambuco ndi Bahia ku Brazil, inalimidwa ndi akapolo, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Africa. Njira zimene zidazo zinatsegula n'zomwezo zimene anthu omangidwa maunyolo anadutsamo. Zimandipweteka ana akamaloweza mayina a zida koma osamva zimenezi.

Wokonda mapu:

Ndingowonjezera kuti zida zonsezi zinkauza munthu kuti ali kumpoto kapena kumwera motani, koma za kummawa ndi kumadzulo ankangoyerekeza potengera liwiro la chombo ndi galasi la mchenga loyezera nthawi. N'chifukwa chake ankayamba atsikira pa mzere wa kummawa ndi kumadzulo wodutsa pa doko limene akufuna, kenaka n'kuutsata mpaka aone mtunda. Vutolo linadzachepa ndi wotchi ya John Harrison, imene inayesedwa pa ulendo wa ku Jamaica mu 1761, pamene chilumbacho chinali chodzaza kale ndi minda ya nzimbe.

Mphunzitsi wa mbiri:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndidzayambira pa Madeira, ndipo ndadula kale katoni n'kumangirira ulusi ndi kamwala ngati quadrant kuti ana adzayeze dzuwa pabwalo. Amayi a ku Zomba, nkhani ya akapolo ndidzaipatsa tsiku lakelake, pamodzi ndi mmene chimanga, chinangwa ndi fodya, zomwe kwawo ndi ku America, zinafikira m'minda yathu.