Nkhosa zikuthawabe mu khola la fence pa Minecraft, vuto lili pati?

Mfana_wa_Bangwe:
Akuluakulu ndithandizeniko maganizo. Ndimasewera Minecraft ya pa foni, ya Bedrock ija, survival. Ndamanga khola la fence ya oak mmbali mwa kaphiri pafupi ndi nyumba, ndakokera nkhosa ndi tirigu zonse zalowa bhobho, geti ndatseka, koma ndikangopita ku mine kukasaka iron pobwera ndikupeza zina zili panja zikudya udzu ngati palibe chachitika. Chondidabwitsa nchoti ineyo mwini wake fence yomweyo sindingaidumphe, ndiye nkhosa ikudutsa pati? Komanso nkhuku zanga zikuchepa, ndikungopeza nthenga ndi nyama pansi. Kodi fence imagwira ntchito bwanji kwenikweni, kapena ndingogwetsa ndimange khoma la miyala basi?

Gule_Redstone:
Aise usagwetse kaye, fence ilibe mlandu. Imaoneka ngati ndi buloko imodzi kutalika koma gemu imaiwerengera buloko imodzi ndi hafu, 1.5. Iweyo ukadumpha umafika cha pa 1.25, ndiye chifukwa chake umangogunda mmwamba nkubwerera. Nkhosa, ng'ombe, nkhumba nazonso sizifika. Koma pali nambala ina imene anthu saiganizira: chilichonse chotalika hafu ya buloko iwe ndi ziweto mumangokwera poyenda osadumpha nkomwe, ngati mmene umakwerera silabu.

Ndiye wati khola lili mmbali mwa kaphiri eti? Kayang'ane pamene nthaka ikukwera ndi buloko imodzi. Fence ya mmunsi ija nsonga yake ili pa 1.5, nkhosa ikaima pa dothi la mmwambalo ili kale pa 1, chatsala ndi hafu basi, imangoponda pamwamba pa fence ngati sitepe nkutsikira kunja. Ndikubetcha ndi pamenepo. Pa malo onse otsetsereka sanjikiza fence ina pamwamba pa ya mmunsiyo, kapena salaza malo onse ndi fosholo usanamange. Chimodzimodzinso chilichonse chimene waika mkati mwa khola moyandikana ndi mpanda, kaya ndi chest, buloko ya hay, kadothi kamodzi kotsalira, zonsezo ndi makwerero. Siya mzere umodzi wopanda kanthu kuzungulira mkati monse.

China ndi makona. Fence imalumikizana mbali zinayi zokha, kutsogolo kumbuyo kumanja kumanzere, siigwirana mopingasa. Ukadula kona kuti usevu matabwa pamatsala mpata, ndipo ziweto zikachuluka zimakankhana mpaka ina kutulukira pompo.

NaPhiri_Gamer:
Za nkhukuzo ine ndikuti ndi nkhandwe achimwene. Ngati muli pafupi ndi nkhalango ya mitengo ya spruce, taiga ija, nkhandwe zimakhala mommo ndipo ikaona nkhuku imanyang'ama kaye kenako nkulumpha mmwamba kwambiri, fence imodzi imaidutsa bwinobwino. Nkhuku muziziikira denga kapena mpanda wosanjikiza kawiri. Mimbulu yosaweta nayo imapha nkhosa koma iyo fence siidumpha, pokhapokha ikapeza pokwera pomwe anena a Gule paja.

Ndipo tisamanamizane kuti fence imatseka chilichonse. Kangaude amakwera, enderman, chilombo chachitali chosowa apa nkuonekera apo, amangotulukira mkati, mbuzi za kumapiri zija zimadumpha kutali zedi, ngamila yomwe inabwera ndi version 1.20 ya gemu mu 2023 ndiye imangoyenda pamwamba pa fence osadumpha nkomwe. Skeleton amakulasa ali kunja. Zombie ndi creeper ndi amene amakanika kulowa, koma creeper ukamuyandikira ali tsidya linalo aphulikabe ndipo mpanda wonse upita. Musaiwalenso kuwala, mkati mwa khola mukakhala mdima zinthuzi zimabadwira momwemo. Kuyambira 1.18 zimafuna mdima weniweni, light level 0, ndiye matochi ochepa akwana, ndipo tochi imakhala pamwamba pa fence bwinobwino, lantern imakongolanso kuposa.

Mfana_wa_Bangwe:
Eeh za mtundazo zikumveka, mbali ya kumtunda kuli masitepe awiri a dothi ndithu ndipo spruce ili pompano. Nanga geti? Nthawi zonse ndikatsegula kuti ndilowe kukameta ubweya zimandipanikiza pakhomo makamaka ndikagwira tirigu, mpaka ina kutuluka. Ndinaona wina pa YouTube akungodumpha mpanda wake opanda geti, amapanga bwanji?

Gule_Redstone:
Imeneyo ndi ya kapeti. Tenga ubweya uwiri, upanga makapeti atatu, ika imodzi pamwamba pa fence. Kapeti ija imakhala pang'ono chabe pamwamba pa buloko imodzi ndipo ndiyotambalala kuposa mtengo wa fence, ndiye ukadumpha umatera pa mlomo wake kenako nkungodutsa. Ziweto sizidziwa kuti pali njira, mmutu mwake pakadali mpanda. Ine makola anga onse ndi choncho, geti ndimangoika imodzi yolowetsera ziweto zatsopano.

Ukafuna geti yeniyeni panga awiri, kakhonde kakang'ono pakati, utsegule loyamba ulowe utseke kenako utsegule lachiwiri. Ndipo tirigu uzimugwira ukalowa kale, osati uli pakhomo kkkk zimatsatira dzanja lako zimenezo. Popanga usasokoneze: fence ndi matabwa 4 ndi timitengo 2, thabwa kamtengo thabwa mizere iwiri, zimatuluka zitatu. Geti ndi mosemphanitsa, timitengo 4 matabwa 2, limatuluka limodzi. Matabwa akhale a mtengo umodzi pa tebulo, koma ukamanga oak ndi birch ndi acacia zimalumikizana popanda vuto.

Bambo_a_Tadala:
Ine ndimasewera ndi ana anga pa kompyuta, ya Java, ndipo pa nkhani ya khomayi ndisiyana nanu pang'ono anyamata. Mukunena zoona kuti khoma la cobblestone silingathetse vuto la mnzathuyu chifukwa nalonso ndi 1.5 yomweyo, nkhosa ikwera pomwe inakwera paja. Koma kumanga khola lalikulu ndi matabwa ndi kuwononga mitengo. Miyala 6 imakupatsa makoma 6, ndipo miyala ndi imene imadzaza ma chest aliyense akabwera ku mine, pomwe fence zitatu zadya matabwa anayi ndi timitengo. Kachiwiri matabwa amapsa. Chiphaliwali chikagwa nthawi ya mvula yamabingu, kapena lava ili pafupi, kapena mwana wasewera ndi flint and steel monga amachitira wanga wamng'onoyu, mpanda umayaka ndithu. Okhawo a crimson ndi warped ochokera ku Nether, dziko la moto lija la mu gemu, ndi amene sagwira moto, komanso fence ya nether brick.

Pamene fence imaposa khoma ndi pa chingwe. Lead ija umatha kumangirira pa fence, koma pa Java pa khoma ayi. Ndiye ngakhale khola likhale la miyala ndimasiya mtengo umodzi wa fence panja pomangirira hatchi, monga timachitira ndi mbuzi pa chikhomo kumudzi. Chingwe ukachisowa dikira wamalonda woyendayenda uja, ma llama ake amabwera atamangidwa kale.

NaPhiri_Gamer:
Bambo a Tadala mwanena bwino koma muwachenjeze kuti fence ndi khoma sizigwirana. Munthu akayamba ndi matabwa nkumalizitsa ndi miyala, polumikizira pamatsala mpata. Pamenepo paikeni buloko yathunthu pakati chifukwa zonse ziwiri zimagwira ku buloko yolimba, kungoti ikhale yosanjikiza kawiri apo ayi mwapanganso sitepe. Geti lokha ndi limene limagwirizana ndi zonse. Nether brick nayo ndi yodzikonda, siilumikizana ndi fence ya matabwa, ena amachita dala kusinthanitsa kuti pakhale kampata kodutsa munthu. Masamba, maungu ndi mavwende fence siigwirako, ndiye amene mumatchinga dimba la maungu musadalire dzungu kuti likutsekereni pakona.

Mfana_wa_Bangwe:
Ndasanjikiza mbali ya kumtunda ndipo kapeti ndaika, ikutheka kkkk. Nkhuku ndazisamutsira mu kanyumba ka denga. Funso lomaliza, ndikaika pressure plate, kathabwa koponda kaja, pa geti kuti lizitseguka lokha ndi bho?

Gule_Redstone:
Mkati ayi man. Nkhosa ikaponda plate geti litseguka, kaya ndi ya matabwa kaya ya mwala zonse zimamva chiweto. Kunja nako zombie akaponda walowa. Ika batani pa buloko ya pambali pa geti, limatsegula kanthawi kochepa nkudzitseka lokha, ndipo palibe chiweto chimadina batani. Geti la fence ndi labwinonso ku ma villager, anthu a m'midzi ya mu gemu, iwo amatsegula zitseko zamatabwa koma geti satha, ndipo zombie amathyola chitseko gemu ikakhala pa Hard koma geti salikhudza. Ndiye ukadzayamba kusunga ma villager ochita nawo malonda uwatsekere ndi geti lomwelo.