Mphika wa sitenilesi ukudontha pambali pa msoko

A Mbewe, Chinamwali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Chaka chatha ndinapangira sukulu ina yogonera konko mphika wa sitenilesi wa malita 200 wophikira nyemba. Pangotha miyezi isanu ndi itatu, aubweza ati ukudontha. Msoko umene ndinawotcherera uli bwinobwino. Dzimbiri ndi timing'alu zili pambali pake, mzere mbali iyi, mzere mbali inayo. Dzina langa likuwonongeka apa.

Che Jafali, Songani: Pepani achimwene. Mwayesa maginito? Mwina anakupatsani sitenilesi ya mtundu wa 430, imene maginito amagwira, m'malo mwa 304 imene sagwira. Nanga disiki ya galainda, simunayambe mwadulira chitsulo wamba? Tizidutswa take timakanirira n'kuyambitsa dzimbiri.

A Mbewe: Maginito sakugwira, disiki inali yatsopano. Koma ndiulule chimodzi. Ndinawotcherera ndi ma amp okwera, katatu kuzungulira osapumira. Pansi patapindika ndinatenthetsa ndi gasi mpaka kufiira, kuwongola ndi hamala, n'kuusiya uzizire wokha usiku wonse.

Mayi Nachisale, a mu labu: Bambo Mbewe, mwachita bwino kunena zimenezo, chifukwa ndikuganiza kuti vuto lagona pomwepo. Chimene chimateteza 304 ku dzimbiri ndi chromium, amene amakhalamo pafupifupi 18 peresenti, pamodzi ndi nickel 8 peresenti. Mukachiona pa maikulosikopu, chitsulochi chili ngati timinda togundana, kalikonse ndi malire ake. Chikakhalitsa pa kutentha kwa pakati pa madigiri 450 ndi 850 a Celsius, kaboni amathamangira m'malire muja n'kugwirana ndi chromium, kupanga chromium carbide. M'mbali mwa malirewo chromium amachepa mpaka kutsika pa 12 peresenti, ndiye pamakhala pambalambanda. Mchere wa m'nyemba umangolowa pamenepo. Pa msoko penipeni pamatentha kupitirira apo n'kuzizira msanga, n'chifukwa chake pamapulumuka. Dzina la vutoli ndi sensitisation, ena amati weld decay.

Koma tisamangoganizira. Dulani tizidutswa tiwiri, kena pa mzere wa dzimbiriwo, kena kumlomo kumene moto sunafike. Podula muzithira madzi kuti musatenthetsenso.

A Gondwe, Matawale: Che Jafali, tikumbukirenso kuti maginito sagwiranso 201, mtundu wina wa sitenilesi, ndiye sitingadalire okhawo. Ine 201 inandichititsapo manyazi pa sinki ya munthu. Mayi, kodi zimenezi sitingazione ndi maso titakwecha bwino?

Mayi Nachisale: Ayi bambo, malirewo ndi aang'ono kwambiri. Tizidutswa ta a Mbewe tafika dzulo. Ndinakwecha ndi sandipepa wa m'madzi kuyambira wokhakhala wa nambala 240, kenako 400, 600 mpaka wosalala wa 1200, ndikutembenuza kachidutswa ndikasintha pepala kuti mikwingwirima yakale ifufutike, kenako kupolisha ndi diamond paste mpaka kuwala ngati kalilole. Apa pamafunika kudekha, mukapupuluma mudzayesa mikwingwirima yanu yomwe ngati ming'alu. Ndinatsatira ASTM A262 Practice A, njira yovomerezeka yoyezera vutoli: asidi wa oxalic 10 peresenti, kachidutswa kuviika m'menemo n'kulumikiza ku positive ya magetsi, amp imodzi pa sikweya sentimita iliyonse, masekondi 90. Magolovesi ndi magalasi osaiwala.

Nditakulitsa ka 250, ka kumlomo kanaonetsa malire oyera, ongokhala ngati timasitepe pakati pa munda ndi munda. Chimenecho ndi chitsulo chabwino. Ka pambali pa msoko kanandimvetsa chisoni. Timinda tambiri tazunguliridwa ndi ngalande zakuda mbali zonse, zimene timati ditch structure. Chitsulo anakugulitsanicho sichinali choipa, moto ndi umene unachiwononga.

Che Jafali: Ndiye angowotchereranso pamwamba pa timing'aluto?

Mayi Nachisale: Asayerekeze, akhala akuwonjezera moto pa bala lomwelo. Mankhwala enieni ndi kutenthetsa mphika wonse kufika madigiri 1050 kuti ma carbide asungunukirenso m'chitsulo, kenako kuuviika m'madzi nthawi yomweyo. Ng'anjo yolowa mphika wa malita 200 ndi ndani ali nayo m'gulu lino? Ndi gasi simungakwanitse, kwina kudzatsalira n'kugweranso m'kutentha koipa kuja.

A Gondwe: Ine ndingadule pansi ponse kupitirira pamene moto unasintha mtundu, n'kuika pleti ya 304L. Kaboni wake sapitirira 0.03 peresenti, pomwe 304 wamba amafika 0.08. Marodi akhale 308L, ma amp otsika, muziwotcherera pang'onopang'ono modumphadumpha, kudikira pazizire mpaka dzanja lizitha kuyandikira. Mukatero sipapindikanso, ndipo gasi simumufuna. Pomaliza pakani pickling paste, mankhwala a asidi otsukira powotcherera, mutsuke ndi madzi ambiri.

Mayi Nachisale: Ngati thumba lilola, 316L ndi yoposa pa zakudya za mchere chifukwa ili ndi molybdenum. Pogula funsani satifiketi ya pletiyo, osangokhulupirira za pakamwa.

A Mbewe: Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Lachisanu ndikwera ya ku Blantyre kukafuna pleti. Mayi, ndikamaliza ndidzawotcherera kachidutswa kena padera ndi ma amp omwewo, mudzandionerenso ndisanabweze mphika kusukulu.